Kutola M'thumba Lomwelo Kambirimbiri: Mbiri ya Bootstrap

Mu Januwale 1979, magazini ya akatswiri a ziwerengero yotchedwa Annals of Statistics inatsegula chaka ndi pepala la masamba 26 lolembedwa ndi Bradley Efron, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Stanford ku California. Funso limene pepalalo linkayankha ndi lakalekale, ndipo aliyense wogula chimanga amalidziwa. Akapisa dzanja m'thumba n'kupeza njere zitatu zofumbwa m'chikhatho, amafuna kudziwa ngati kupisanso kachiwiri kungamupatse zitatu zomwezo, imodzi yokha, kapena khumi. Iyeyo ali ndi mwayi, chifukwa thumba lili pomwepo ndipo akhoza kupisanso. Wofufuza amene wathera chaka chathunthu ndi ndalama zonse poyeza odwala 40 kapena minda 200 mwayi umenewo alibe. Sampulo yake ndi imodzi yomweyo, komabe ayenera kunena kuti yankho lake likanagwedezeka motani akanatenganso ina. Muyeso wa kugwedezekako ndi umene akatswiri amautcha standard error. Ambiri akamakamba za njira ya Efron, yotchedwa bootstrap, amati ndi nkhani ya kompyuta imene inalanda ntchito ya masamu ovuta. Ine ndikuona kuti chachikulu chagona pena. Kompyuta itasenza ntchito yowerengetsa, panatsala poyera funso limene mafomula ankaliphimba: kodi ziwerengero zili m'manjazi zinabwera bwanji, ndipo n'chiyani mwa izo chimene chinagwa mwamayere? Mbiri ya bootstrap, makamaka mu regression, ndi mbiri ya anthu amene ankabwerera ku funso limeneli nthawi iliyonse njirayo ikawagwiritsa fuwa lamoto.

Kwa zaka zoposa 170 Efron asanalembe, yankho linkachokera m'mafomula. Mu 1805 Adrien-Marie Legendre wa ku France anafalitsa njira yojambulira mzere wowongoka pakati pa timadontho tomwazikana, mzere umene umaphonya timadonthoto pang'ono kuposa wina uliwonse. Mu 1809 Carl Friedrich Gauss anaimangirira njirayi ku ganizo lakuti zolakwika za muyeso zimaunjikana ngati belu, zambiri pakati, zochepa m'mbali. Dzina lakuti regression linadza pambuyo, m'zaka za m'ma 1880, kuchokera kwa Francis Galton amene ankayerekeza misinkhu ya ana ndi ya makolo awo. Kwa anthu amene zida zawo zinali pensulo ndi pepala, mafomula amenewa anali chithandizo chachikulu, koma ankabwera ndi ngongole. Wogwiritsa ntchito fomula ya standard error ankavomereza, ngakhale sananene pakamwa, kuti zolakwika zake n'zosadalirana, kuti kukula kwake n'kofanana paliponse, ndiponso kuti pa sampulo yaing'ono zimatsata belu lija. Mafomulawo analinso a zinthu zowerengeka chabe, monga avereji ndi kupendekeka kwa mzere. Wofuna chinthu chachilendo ankadikira kuti katswiri wa masamu amupangire fomula yake, apo ayi ankakhotetsa funso lake kuti lilowe mu fomula imene ilipo kale. Apa m'pamene pamandiwawa, chifukwa chida ndicho chinkasankhira munthu funso loti afunse.

Komatu eni mafomulawo sankawakhulupirira mwachimbulimbuli. William Gosset, wogwira ntchito ku kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin, amene ankalemba pa dzina lakuti Student, anafuna kutsimikiza fomula yake ya masampulo ang'onoang'ono imene anaifalitsa mu 1908. Anatenga miyeso ya akaidi 3,000, msinkhu ndi kutalika kwa chala chapakati cha kumanzere, nalemba munthu aliyense pa kakadi kake. Anasakaniza timakadito bwinobwino, n'kumatola kamodzikamodzi, natigawa tinayitinayi mpaka kupeza timagulu 750, ndipo kagulu kalikonse anakawerengetsa pamanja. Mu 1935 Ronald Fisher anachita zofananazo pa chimanga cha Charles Darwin. Darwin anadzala chimanga chiwirichiwiri m'miphika, phesi lina la mbewu yolandira mungu wa chimanga china, linzake la mbewu yodzipatsa yokha mungu, ndipo anayeza kusiyana kwa msinkhu pa magulu 15. Fisher anati ngati mbewu ziwirizi sizisiyana kwenikweni, ndiye kuti kusiyana kulikonse kukanatha kugwera uku kapena uko. Njira zotembenuzira manambala 15 motero zilipo 32,768, ndipo iye anawerenga kuti ndi zingati mwa izo zimene zikanapereka kusiyana kwakukulu ngati kumene Darwin anapeza. Yankho linatsala pang'ono kufanana ndendende ndi la fomula. Onse awiriwa ankadziwa kuti kusakaniza ndi kutola ndiko muyeso weniweni, fomula ndi chidule chake. Koma ntchitoyo inali yothyola msana, choncho inkachitika kamodzi pofuna umboni, kenako anthu n'kubwerera ku chidulecho.

Panadutsanso njira ina imene inalambulira Efron msewu. Maurice Quenouille wa ku Britain, mu 1949 ndi 1956, anaonetsa kuti ukachotsa nambala imodzi mu sampulo n'kuwerengetsanso, kenako n'kuibwezera ndi kuchotsa ina, mpaka zonse zitapumirapo, kusinthasintha kwa mayankhowo kumaulula mbali imene muyeso wako wapendekera. Mu 1958 John Tukey wa ku Princeton anaona kuti machitidwe omwewo angapereke standard error, ndipo anaitcha njirayi jackknife, kampeni kopinda ka m'thumba kamene kamagwira ntchito zambiri ngakhale sikaposa chida chenicheni cha ntchito iliyonse. Njirayi ikadali moyo, ndipo ziwerengero zina zimene timamva pawailesi zinadutsamo. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya boma ya ziwerengero ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anatengedwa m'timadera 850, ndipo standard error ya chiwerengero cha ana obadwa ndi ana omwalira inapezedwa pochotsa kadera kamodzikamodzi. Koma jackknife ili ndi pofooka podziwika. Ukaifunsa za nambala yapakati, ija imene theka la anthu lili pansi pake theka lili pamwamba, imasokonezeka, chifukwa kuchotsa munthu mmodzi kumangosuntha nambalayo pakati pa mayankho awiri kapena atatu okha. Efron anayamba ntchito yake pofuna kumvetsa chifukwa chake kampenika kamadula pena n'kubuntha pena.

Chimene anapeza n'chapafupi moti munthu amadabwa kuti chinachedwa bwanji. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: popeza dziko lonse sungaliyezenso, tenga sampulo yako ngati kachithunzi ka dzikolo, ndipo utolemo monga mmene unatolera m'dziko. Chitsanzo chimene Efron ndi Persi Diaconis anapereka mu Scientific American mu 1983 chimaonetsa bwino. Panali masukulu 15 a zamalamulo a ku America, iliyonse ili ndi manambala awiri, avereji ya mayeso olowera ndi avereji ya magiredi a ku koleji a ophunzira ake, ndipo kugwirizana kwa manambala awiriwa kunali 0.776. Lemba sukulu iliyonse pa kapepala, ponya m'thumba, tola kamodzi, lemba chimene watola, bwezera kapepalako, gwedeza thumba, tolanso, mpaka ka 15. Sukulu ina ituluka katatu, ina situluka n'komwe. Werengetsa kugwirizana kwa gulu latsopanoli, ndipo bwereza zonsezi ka 1,000. Kumwazikana kwa mayankho 1,000 amenewo ndiye standard error yako, imene pano inali pafupifupi 0.13. Masukulu onse a m'kaundula wa kafukufukuyo analipo 82, ndipo kugwirizana kwa onsewo kunali 0.761, chapafupi ndithu. Magulu osiyana amene angatuluke m'timapepala 15 alipo 77,558,760, n'chifukwa chake popanda kompyuta ganizoli likanangokhala la pakamwa. Dzina lakuti bootstrap limanena za kalamba kokokera jombo pophazi, ndipo likuchokera ku mwambi wa Chingerezi wa munthu wodzinyamula yekha pokoka timalamba ta jombo zake. Anthu amauphatikiza ndi nthano ya Baron Munchausen, ngakhale kuti m'nthano ya Chijeremani mkuluyo anadzizula m'matope pokoka tsitsi lake.

Dzinalo linaputa kutsutsa koyamba, ndipo ndi kutsutsa kwanzeru. Munthu amafunsa kuti: ngati ndayeza masukulu 15, kutola mobwerezabwereza m'masukulu omwewo kungandiuze chiyani chatsopano? Kodi si kuwerenga ndalama zomwezo kambirimbiri n'kumadziyesa wolemera? Yankho n'lakuti bootstrap sinena kuti yawonjezera chidziwitso. Kugwirizana kuja kumakhalabe 0.776 ngakhale utatola ka miliyoni. Chimene imachita ndi kufukula chinthu chimene chili kale m'manambala 15 aja, ndicho kusiyanasiyana kwawo, n'kuonetsa mmene kusiyanako kumagwedezera yankho. Fomula yakale ya avereji inkachita zomwezo, chifukwa nayonso inkayeza kumwazikana kwa dziko pogwiritsa ntchito kumwazikana kwa sampulo, ndipo palibe ankaiyesa chinyengo. Mu 1981 Peter Bickel ndi David Freedman a ku Berkeley, ndiponso Kesar Singh payekha, anatsimikiza ndi masamu kuti njirayi imapereka yankho lolondola pa milandu yambiri sampulo ikamakula, ndipo Singh anaonetsa kuti pena imaposa fomula ya belu. Komabe wotsutsayo akunena zoona pa mfundo imodzi. Thumba likadzazidwa molakwika, kutolamo sikulikonza. Mu 1936 magazini ya Literary Digest inalandira mayankho oposa 2 miliyoni n'kulosera kuti Alf Landon agonjetsa Franklin Roosevelt, koma Roosevelt anapambana ndi mavoti ankhaninkhani. Bootstrap ikanapatsidwa mayankho amenewo ikanati kugwedezeka n'kochepetsetsa, ndipo ikanakhala ikunena zoona za thumba lolakwikalo.

Mu regression ndi mmene funso lakuti tiponye chiyani m'thumba linasanduka mlandu weniweni. Tiyerekeze kuti tili ndi minda 60, ndipo pa munda uliwonse tikudziwa feteleza amene anathiridwa ndi matumba amene anakololedwa. Tajambula mzere, ndipo munda uliwonse uli ndi chotsalira chake, ndicho kusiyana kwa zimene unakolola ndi zimene mzere unalosera. Pali njira ziwiri, ndipo Freedman anazisiyanitsa mosamala m'pepala lina la 1981. Yoyamba imaponya zotsalira zokha m'thumba: munda uliwonse umasunga feteleza wake, umatenga zokolola zimene mzere unalosera, n'kuwonjezerapo chotsalira chotoledwa mwamayere. Yachiwiri imaponya munda wathunthu, feteleza ndi zokolola zake pamodzi. Kompyuta imachita zonse ziwiri mosanyinyirika, koma njira iliyonse ikunena zosiyana za dziko. Yoyamba ikuti mzere wathu ndi wolondola ndipo tsoka la munda uno likanatha kugwera munda wina uliwonse. Imayenera pamene wofufuza anagawa yekha fetelezayo, monga pa malo oyeserapo mbewu. Yachiwiri ikuti minda yomweyo inabwera mwamayere, monga pa kafukufuku wa m'midzi, ndipo siidalira kwambiri kulondola kwa mzere. Wosankha pakati pa ziwirizi akuyankha funso la ulimi ndi la mmene kafukufuku anayendera, ndipo masamu sangamuyankhire. Phindu la kufunsa motere linaoneka msanga. Mu 1984 Freedman ndi Stephen Peters anayesa ndi bootstrap chiwerengetso china cholosera kagwiritsidwe ntchito ka mphamvu ku America, ndipo anapeza kuti mafomula ozolowereka ankachepetsa standard error pafupifupi katatu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yoponya zotsalira inagwa pamene kukula kwa zolakwika kumasiyana, ndipo m'zachuma zimenezi n'za tsiku ndi tsiku. Mabanja osauka amawononga ndalama zofananirako pa chakudya chifukwa alibe posankha, pamene mabanja olemera amasiyana kutali, wina wosunga, wina womwaza. Ukatenga chotsalira chachikulu cha banja lolemera n'kuchipachika pa banja losauka, wapanga dziko limene kulibe. Halbert White anapereka fomula yothana ndi vutoli mu 1980, ndipo mu 1986 C. F. Jeff Wu wa ku yunivesite ya Wisconsin analemba pepala lalitali la jackknife ndi bootstrap mu regression limene linatsegula njira ina. Chotsalira chilichonse chizikhala pakhomo pake, ndipo mayere azingochita nacho chinthu chimodzi, kuchichulukitsa ndi nambala yotoledwa. Regina Liu anaikulitsa njirayi mu 1988, ndipo dzina lakuti wild bootstrap linakhazikika m'mapepala a Enno Mammen ndi Wolfgang Härdle a 1993. Mtundu wake wapafupi ndi woponya khobidi m'mwamba pa banja lililonse: likagwa mbali iyi chotsalira chimakhala momwe chilili, likagwa mbali inayo chimatembenuzidwa. Vuto la nthawi nalo linafuna thumba lakelake. Mtengo wa chimanga wa mwezi uno umakoka wa mwezi wamawa, ndipo kusakaniza miyezi umodziumodzi kumadula chingwe chimenecho. Singh anachenjeza kale za izi mu 1981. Mu 1989 Hans Künsch wa ku Zurich anaonetsa kuti muyenera kuponyedwa zidutswa za miyezi yotsatizana, kuti chingwecho chipulumuke m'kati mwa chidutswa chilichonse.

Wina anganene kuti njira yofuna chigamba pa ngodya iliyonse siyenera kudaliridwa, ndipo ali ndi umboni woposa umene ndatchulawu. Bickel ndi Freedman omwewo anaonetsa kuti bootstrap imalephera ukafuna kudziwa za nambala yaikulu kuposa zonse, monga malire a pamwamba a chinthu. M'thumba simungatuluke choposa chachikulu chimene chinalowamo, ndipo chachikulucho chimatulukanso m'magulu pafupifupi 63 pa 100 alionse, choncho mayankho amaunjikana pa nambala imodzi pamene m'dziko akanamwazikana. Mu 1987 Krishna Athreya anaonetsa kuti ngakhale pa avereji imalephera ngati dziko lili ndi manambala akuluakulu osowa amene amamiza ena onse. Pa masampulo ang'onoang'ono, malire oyambirira a Efron osonyeza pamene yankho lenileni lingagwere, ongodula mayankho a m'mbali zonse ziwiri, ankakhala opanikizika kuposa zoona, ndipo mwini wake anawakonza mu 1987 ndi njira ya BCa. Choopsa n'chakuti ikalephera siifuula, imatulutsabe nambala yooneka bwino. Zonsezi ndikuvomereza. Koma ndikaziika pamodzi ndikuona kuti chifukwa chake ndi chimodzi: thumba silinafanane ndi dziko pa mbali imene funsolo linkadalira. Mafomula akale amagwa pa zifukwa za mtundu womwewo, kungoti zimene amadalira zinakwiriridwa m'masamu amene ambiri owagwiritsa ntchito sanawawerengepo. Mu bootstrap zimene ukudalira umazichita ndi manja ako, posankha choponya m'thumba, ndipo mlimi, namwino kapena mphunzitsi amene sadziwa algebra akhoza kukuuza kuti waponya cholakwika. Kwa ine uku ndiye kupambana kwake kwakukulu.

Palinso amene amati Efron sanayambitse kanthu. N'zoona kuti P. C. Mahalanobis ankagawa kafukufuku wa zokolola ku Bengal m'masampulo angapo oyenda paokha m'zaka za m'ma 1940, kuti John Hartigan analemba za timasampulo ta m'kati mwa sampulo mu 1969, ndiponso kuti Julian Simon anaphunzitsa kutola mobwezera m'buku lake la chaka chomwecho. Chimene Efron anawonjezera ndi mfundo imodzi yomanga zonsezi pamodzi, kuonetsa kuti jackknife ndi chidule cha bootstrap, ndi kuika nkhaniyo m'maonekedwe amene ena akanatha kuitsimikiza kapena kuigwetsa. Anafikanso pa nthawi yake, makompyuta akuyamba kutsika mtengo. N'chifukwa chake njirayi inafalikira kutali ndi kwawo. Mu 1985 Joseph Felsenstein wa ku Seattle anaigwiritsa ntchito poyeza kudalirika kwa nthambi za mtengo wa chibale cha zamoyo, ndipo manambala amene timaona pa nthambi za mitengo ya mavairasi ndi zidzukulu za pepala limenelo. Mu 1996 Leo Breiman anaisandutsa chida cholosera, ndipo mu 2001 anamangapo njira yolosera yotchedwa random forest.

Kutsutsa kumene ndimakulemekeza kwambiri ndi kwa amene amati kuphweka kwa njirayi kumagonetsa anthu tulo. Lero m'mapulogalamu a kompyuta monga R kapena Stata mzere umodzi ukwanira kutola ka 10,000, ndipo wophunzira akhoza kuganiza kuti kuchuluka kwa kutolako ndiko kulimba kwa umboni. Nkhani ya magulu imaonetsa pamene ganizo limeneli limathera. Ana 40 a kalasi imodzi ali ndi mphunzitsi mmodzi, denga limodzi ndi njala ya dera limodzi, motero sali mboni 40 zosadalirana. Ngati ndondomeko inaperekedwa sukulu ndi sukulu kapena boma ndi boma, choyenera kulowa m'thumba ndi sukuluyo kapena bomalo, ngakhale ana atakhala 20,000. Mu 2008 Colin Cameron, Jonah Gelbach ndi Douglas Miller anaonetsa kuti magulu akakhala ochepa, pakati pa 5 ndi 30, njira zozolowereka zimalengeza kuti zapeza kusiyana pamene palibe, mwina ka 10 pa 100 m'malo mwa ka 5, ndipo kuponya khobidi limodzi pa gulu lathunthu kumabwezera chiwerengerocho pafupi ndi pamalo pake. Dziko la maboma 28 ngati Malawi lili m'kati mwenimweni mwa malire amenewo, ndiye wofufuza ndondomeko yoperekedwa boma ndi boma sangaizembe nkhaniyi. Kutembenuza zotsalira kumeneku ndi machitidwe omwe aja a Fisher pa chimanga cha Darwin, ndipo kuli ndi malire omwewo. Magulu 15 amapereka njira 32,768, koma magulu 5, monga masukulu asanu, amapereka 32 zokha, ndipo kompyuta ikauzidwa kutola ka 10,000 imangozungulira m'njira 32 zomwezo. Matthew Webb anachepetsako vutoli popatsa mayerewo nkhope 6 m'malo mwa ziwiri, koma masukulu amene anayenderedwa amakhalabe asanu, ndipo wofuna yankho lolimba kuposa pamenepo ayenera kukwera galimoto kukayeza sukulu yachisanu ndi chimodzi.